Kugwira kokanee ndi trout pokoka nyambo ndi boti, mmene ndimachitira ku Lake Merwin

Ulendo wanga woyamba pa Lake Merwin, nyanja ya ku Washington ku America, ndinataya nsomba zisanu motsatizana, zonse zitafika kale pafupi ndi boti ndikuziona ndi maso anga zikunyezimira m'madzimo ngati siliva, kenako phwee chingwe chalefuka, nsomba yapita. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti ndikafike madzi asanayambe kuwala. Pobwerera pokwezera maboti paja ku Speelyai Bay ndinakumana ndi madala ena ake omwe akhala akuwedza pamenepo zaka zambiri, anangoyang'ana ndodo yanga, kuipinda pang'ono ndi dzanja, nkundifunsa kuti ikadya ndimatani. Ndinawaonetsa mmene timachitira kwathu, kuthyapula ndodo mwamphamvu kuti mbedza ilowe. Anandiuza kuti vuto ndi lomwelo, kokanee ili ndi kamwa yofewa, ukakoka choncho ukung'amba mlomo basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuphunzira mwatsopano, ndiye zomwe ndalemba apazi ndi za inu abale amene muli mbali ino ya Washington, Oregon, Idaho kaya British Columbia ndipo mtima wa usodzi sunakuchokeni.

Muidziwe kaye nsombayo

Kokanee ndi sockeye salmon yomweyo, kungoti iyi siipita kunyanja yamchere, imabadwa, kukula ndi kufa m'madzi opanda mchere. Ikakwanitsa zaka zitatu kapena zinayi, chakumapeto kwa chaka cha m'ma Seputembala kupita kutsogolo, thupi limafiira, mutu kukhala wobiriwira, yamphongo kamwa nkupindika, ndiye imakwera mitsinje kapena kupita m'mphepete mwa nyanja momwe muli timiyala kukaikira mazira, ikatero imafa. Amene mukuidziwa mpasa mmene imakwerera mtsinje wa Bua kuchoka mu Nyanja ya Malawi mwaimva kale nkhaniyi, ndi chifukwa chake azungu anaitcha mpasa kuti lake salmon ngakhale kuti si abale mpang'ono pomwe. Trout nayo si yachilendo kwa ife, ija ya rainbow yomwe ili pa phiri la Zomba ndi ku Nyika kwawo kwenikweni ndi konkuno kumadzulo kwa North America, anachita kupita nayo nthawi ya atsamunda.

Kukula kwake kokanee si yaikulu, nyanja zambiri imakhala mainchesi 10 mpaka 15. Yaikulu kuposa zonse yomwe inalembedwa inagwidwa ku Wallowa Lake ku Oregon mu 2010, inalemera mapaundi 9 ndi maaunzi 10, kupitirira makilo anayi, koma zimenezo musaziyembekezere. Chomwe anthu amaifera ndi mnofu wake, wofiira ngati papaya wakupsa, wamafuta, wokoma zedi.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kokanee chakudya chake chachikulu ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi tosaoneka bwino ndi maso, plankton, imachita kusefa ndi makha ake. Ndiye simungaike chakudya chake pa mbedza ayi. Nyambo zomwe timakoka zija sikuti imaziluma chifukwa cha njala, ambiri timakhulupirira kuti zimaikwiyitsa kapena kuichititsa chidwi, kanthu kapinki kakuvinavina pamphuno pake mpaka italuma kuti kachoke. Nchifukwa chake nyambo iyenera kudutsa pomwe pali nsombapo ndendende, pa sipidi yochepa kwambiri. Ukaphonya kuya ndi mafiti 15 okha utha kuzungulira tsiku lonse pamwamba pa gulu la nsomba osagwira ndi imodzi yomwe.

Mapepala musanakhudze madzi

Izi ndidutsa mwachangu koma musazinyozere. Gulani layisensi ya usodzi ya boma lomwe mukukawedzako, ya Washington siigwira ntchito ku Idaho. Werengani malamulo a nyanja yeniyeniyo, chifukwa chiwerengero cha nsomba chololedwa pa tsiku chimasiyana nyanja ndi nyanja ndipo chimasintha. Ku Washington ngati mukufuna ndodo ziwiri munthu mmodzi pali chilolezo chapadera cholipira, ndipo si nyanja zonse zomwe amalola. Pali malo ena nyambo yeniyeni ngati chimanga kapena nyongolotsi ndi yoletsedwa, pali malo ena ngati Lake Sammamish komwe kokanee yatsala pang'ono ndipo saloleza kuitenga. Mu Yale ndi Swift, madamu omwe ali kumtunda kwa Merwin pa mtsinje womwewo wa Lewis, muli bull trout yomwe ndi yotetezedwa ndi lamulo, mukaigwira mwangozi muibweze yamoyo. Ndipo ngati injini ya boti lanu ndi ya 15 horsepower kapena kuposa, ku Washington amafuna khadi losonyeza kuti munaphunzira malamulo oyendetsera boti.

Jekete yoyandamitsa ivalidwe, osati kungoiponya pansi pa mpando. Madzi a mu Malichi kuno si a ku Senga Bay abale, ukagweramo manja amauma mphindi zochepa, ngakhale udziwe kusambira chotani.

Zida

Ndodo ikhale yaitali mafiti 7 kapena 8, yofewa kwambiri yopindika kuyambira kunsonga mpaka pafupi ndi chogwirira. Mashopu a zausodzi amagulitsa zolembedwa kuti kokanee rod, zambiri ndi za fiberglass. Kufewako ndi komwe kumateteza mlomo wa nsomba, ikagwedeza mutu ndodo ndi imene imamwa mphamvuyo. Ngati ndodo yanu ndi yolimba ndipo simungagule ina pakali pano, ikani kalabala kotamuka kotchedwa snubber patsogolo pa dodger (kachitsulo komwe ndikafotokoze m'munsimu), kamathandizako.

Reel, kokulungira chingwe kaja, yabwino ndi ija yokhala ndi kowerengera chingwe, kuti muzidziwa kuti mwatulutsa mafiti angati. Izi zikuoneka zazing'ono koma mukagwira nsomba pa mafiti 90 kumbuyo mufunika kubwezera nyambo pa 90 pomwepo osati mongoganizira. Chingwe ine ndimaika monofilament (nayiloni ya ulusi umodzi) yopirira mapaundi 10 chifukwa imatamuka, braid (chingwe cholukidwa) siitamuka ndiye imang'ambitsa milomo pokhapokha ndodo ikhale yofewa zenizeni.

Kenako dodger. Ndi kachitsulo kaphanthiphanthi konyezimira, kotalika mainchesi 4 mpaka 6, kamene kakamakokedwa kamapita uku ndi uku ngati mchira wa nsomba. Ntchito yake ndi iwiri, kuwala ndi kugwedeza madzi kuti nsomba zibwere kudzaona, komanso kuvinitsa nyambo yomwe ili kumbuyo kwake. Kumbuyoko ndi komwe timamanga hoochie, kapulasitiki kofewa kokhala ndi tizingwezingwe ngati ndevu za chimanga, kapena spinner, nyambo ya kachitsulo kozungulira ndi mikanda, ngati Wedding Ring ija ya kampani ya Mack's Lure. Mbedza zikhale ziwiri zotsatana, zazing'ono, saizi 4 ndi yabwino poyambira, ndipo zikhale zakuthwa moti ukaikanda pa chikhadabo izikodwa.

Ukonde wotungira nsomba ukhale wa chogwirira chachitali. Cooler box yodzaza ayezi. Ndi fish finder, kamakina koonetsa pa sikirini pomwe pali nsomba pansi pa boti, ngakhale yotchipa, chifukwa popanda iyo mukuwedza muli chitsinzinire.

Kutalika kwa chingwe pakati pa dodger ndi nyambo

Apa ndikhalitsa pang'ono chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Hoochie payokha siivina, ndi pulasitiki chabe, imadalira dodger kuti iikankhe. Ndiye chingwe chake chikhale chachifupi, mainchesi 8 mpaka 12, ena amati kawiri kapena kawiri ndi theka kutalika kwa dodger. Chikatalika kwambiri mphamvu ya dodger siifika kumapeto, hoochie imangotsatira ngati udzu wakodwa. Chingwe chimenechi chikhalenso cholimbirako, mapaundi 10 kapena 12, osati chifukwa nsomba ndi yamphamvu koma kuti kuumako kuzipititsa kugwedezeka kwa dodger ku nyambo. Koma spinner kapena kasipuni kakang'ono kali ndi kavinidwe kake kale, ndiye mukaiyandikitsa kwambiri dodger imasokoneza, ipatseni mainchesi 18 mpaka 24.

Musanatulutse chingwe, viikani zonse m'madzi pambali pa boti likuyenda, muone ndi maso. Dodger izipita kumanja kumanzere, kumanja kumanzere. Ikayamba kuzungulira ngati pulopela ndiye kuti mwathamanga. Ine ndimachita zimenezi nthawi iliyonse ndikasintha nyambo, sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Mitundu, yambani ndi pinki ndi olenji, imeneyi ndi imene kokanee imaikonda malo ambiri. Mukamapita pansi kwambiri kapena kukadali mdima, zofiira zimazimirira msanga m'madzi, ndiye yesani zobiriwira, zapepo, kapena zowala mumdima zija. Ngati muli awiri m'boti musaike zofanana, wina pinki wina olenji, nsomba zikuuzani zokha zomwe zikufuna tsikulo ndiye nonse musinthire komweko.

Chimanga

Inde chimanga, musadabwe. Nyambo yotchuka kwambiri ya kokanee ndi chimanga choyera cha m'chitini chotchedwa shoepeg, maso ake ndi aang'ono, ataliatali, olimba moti sachoka pa mbedza msanga. Usiku woti mawa ndikupita ndimatsegula chitini, kukhetsa madzi onse, kuyanika pang'ono pa pepala, kenako kugawa m'timabotolo titatu. Kena ndimathira mafuta a m'chitini cha tuna, kena adyo, kena ndimasiya choncho kapena kuthira fungo la m'botolo la krill logula. Zigone mu filiji, ndipo pa boti zizikhala pa ayezi chifukwa chimanga chikatenthedwa chimasasa.

Diso limodzi pa mbedza iliyonse, basi. Mukaunjika atatu anayi mwapha kavinidwe ka nyambo. Lowetsani mbedza kumutu kwa diso kuti kotseguka kuja kuloze kumbuyo, fungo lizituluka pang'onopang'ono. Nsomba ikamenya osakodwa, kokani muone, nthawi zambiri chimanga chapita ndipo mbedza yopanda chimanga mutha kuikoka ola lathunthu osaona kanthu. Ndipo sambani m'manja mukagwira petulo kapena mafuta odzola oteteza dzuwa, salmon imamva fungo kwambiri. Chinanso, kumwaza chimanga m'madzi kuti muitane nsomba ndi koletsedwa malo ambiri, musatero.

Kupeza kuya kwake

Kokanee imakonda madzi ozizira, cha m'ma 10 mpaka 13 digiri Celsius, pa fish finder za kuno ndi 50 mpaka 55 Fahrenheit. Kumayambiriro kwa chaka, Febuluwale, Malichi mpaka Epulo, nyanja yonse ndi yozizira ndiye nsomba zimakhala pamwamba, mafiti 5 mpaka 15. Nthawi imeneyi pa Merwin anthu amagwira opanda zida zambiri, kungotulutsa chingwe mafiti 100 kapena 150 kumbuyo ndi kamtovu kakang'ono. Kutaliko nkofunika chifukwa nsomba yomwe ili pamwamba imathawa boti, imapatukira pambali kenako nkubwereranso boti litadutsa, ndiye nyambo yanu izifika itabwerera kale. Ndipo musadandaule ngati fish finder siikuonetsa kanthu nyengo imeneyi, nsomba zapamwamba siziwoneka bwino pa sikirini.

Kukayamba kutentha, Juni, Julayi, Ogasiti, madzi amagawikana. Pamwamba otentha, pansi ozizira kwambiri, pakati pali malire pomwe kuzizira kumayambira mwadzidzidzi, ndipo kokanee zimasonkhana cha pamenepo. Zimatsika mafiti 30, 40, 60, nyanja zakuya ngati Lake Chelan zimapitirira pamenepo. Apa ndi pomwe fish finder imalipira ndalama zake. Yendani kaye musanaponye chilichonse, muzungulire mpaka muone timizere tambiri pamodzi pakati pa madzi, osati pansi penipeni. Mukaona gulu pa mafiti 45, nyambo yanu ikhale pa 40 mpaka 45. Pamwamba pang'ono ndi bwino kuposa pansi, chifukwa nsomba imaona za m'mwamba mwake, ikwera kudzaluma koma kawirikawiri siitsika.

Kuti mufike pansipo njira zilipo zitatu. Yabwino kwambiri ndi downrigger, kachipangizo komangirira m'mphepete mwa boti kokhala ndi waya wachitsulo ndi mpira wa mtovu wolemera mapaundi 6 mpaka 10. Mumatulutsa kaye nyambo kumbuyo, kupanikiza chingwe chanu pa kapani kamene kali pa mpirapo, kenako nkutsitsa mpirawo mpaka kowerengera kasonyeze mafiti omwe mukufuna. Tsitsani pang'onopang'ono reel ili yomasula koma chala chili pa chingwe, mukaugwetsa mwachangu dodger imakulungana ndi waya ndipo simudziwa mpaka mutakoka patapita theka la ola. Ukafika, zungulizani reel mpaka ndodo ipindike ngati uta. Nsomba zikakhala pansi kwambiri nyambo isatalikire mpira, mafiti 10 mpaka 25 akwana, zikakhala pamwamba italikitseni 50 kapena kuposa. Dziwaninso kuti madzi amakankhira mpira kumbuyo ndiye ngati kowerengera kakuti 60, mpirawo uli pamwamba pang'ono kuposa 60.

Ngati downrigger mulibe musagwe ulesi, ine ndinawedza chaka chonse choyamba popanda. Ikani mtovu woyenda pa chingwe wa maaunzi 2 mpaka 4, kenako swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana), kenako chingwe cha mafiti atatu kapena anayi kufika pa dodger. Tulutsani mowerenga, yambani ndi mafiti 40, pakatha mphindi 15 popanda kanthu onjezani 10, mpaka mutazipeza. Kuipa kwake nkoti mtovu umakhala pakati pa inu ndi nsomba, ikamagwedeza mutu mtovuwo umathandiza kung'amba, ndiye apa snubber ndi yofunika. Njira yachitatu ndi chingwe chokhala ndi mtovu m'kati, lead core, chimasintha mtundu mayadi 10 aliwonse ndipo anthu amawerenga kuti mtundu umodzi umamira pafupifupi mafiti asanu. Chimagwira ntchito koma ndi cholemera, kukoma kolimbana ndi kansomba ka mainchesi 13 kumatha.

Sipidi

Pang'onopang'ono abale, pang'onopang'ono kwenikweni. Mamailosi 1.0 mpaka 1.5 pa ola, ine ndimayambira pa 1.2, munthu woyenda pansi akhoza kukupitirirani. Onerani sipidi pa GPS ya fish finder kapena ya foni. Injini yaikulu nthawi zambiri siingatsike mpaka pamenepo, ndiye anthu amagwiritsa ntchito kainjini kamagetsi kapena kainjini kakang'ono kapambali. Ngati mulibe, mangani ndowa ziwiri ndi zingwe, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, muzikoke m'madzi, zimachepetsa sipidi bwinobwino. Pa kayak kapena bwato lopalasa ndiye zimakhala zosavuta, sipidi yopalasa mofatsa ndi yomweyo.

Musayende mzere wowongoka. Khotani pang'ono kumanja, kenako kumanzere, ngati njoka. Boti likamakhota nyambo ya kunja imathamanga nkukwera, ya mkati imachedwa nkumira, ndipo nthawi zambiri kokanee imatha kutsatira nyambo mtunda wautali osaluma, kusintha kumeneku ndi komwe kumaipsetsa mtima. Ndipo muzisunga m'mutu, ngati zikuluma ndodo ya kunja nthawi zonse ndiye kuti zikufuna sipidi yokwererako, ngati ndi ya mkati chepetsani. Mukagwira imodzi dindani malowo pa GPS, tembenukani mudutsenso pomwepo, zimayenda m'magulu. Mphepo ikamawomba onaninso dodger, chifukwa sipidi yomweyo popita ndi pobwera siivinitsa nyambo mofanana.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kuyambira kukungocha mpaka cha m'ma 9, dzuwa likakwera zimatsikirako pansi ndiye inunso tsitsani. Kukakhala mitambo zimatha kudya tsiku lonse.

Ikaluma

Apa ndi pomwe ndinalephera tsiku lija. Nsonga ya ndodo iyamba kugwedezeka mwachanguchangu, ti ti ti ti. Mtima ugunda, dzanja lifuna kuthyapula. Musatero. Boti likuyenda, mbedza yalowa kale yokha. Chotsani ndodo m'choikamo mofatsa, ngati muli pa downrigger ndipo chingwe sichinachoke pa kapani, zungulizani reel mpaka nsonga itsike pafupi ndi madzi kenako kwezani pang'ono, chichoka chokha. Pakanthawi kameneko chingwe chimalefuka, zungulizani mwachangu mpaka mumve kulemera, chifukwa kulefuka ndi mdani wina.

Drag, buleki ya pa reel, ikhale yomasuka moti mutha kusolola chingwe ndi zala ziwiri popanda kuvutika. Musaimitse boti, lizipitabe pa sipidi yomweyo kapena kutsikirako pang'ono. Zungulizani mosadukiza, osapopa ndodo m'mwamba ndi pansi. Ikathawa ilekeni ithawe, ikabwera kwa inu fulumirani kukulunga. Kokanee imakonda kudumpha ndi kudzigubuduza pamwamba pa madzi, ndipo zambiri zimapulumuka pamenepo, ndiye ine ndimatsitsa ndodo chammbali nsonga pafupi ndi madzi kuti isakwere msanga. Mafiti 15 omaliza ndi oopsa kwambiri, ikaona boti imapenga. Mnzanu akhale ataviika kale ukonde m'madzi, inu muibweretse ku ukonde mutu patsogolo, iye angokweza. Osaithamangitsa ndi ukonde, ndipo osayesa kuinyamula ndi chingwe kuti igwere m'boti. Ndaonapo kambiri mbedza ikugwa yokha nsomba itangolowa mu ukonde, kabowo pamlomo katakula ngati diso la chimanga.

Ngakhale muchite zonse bwino zina zizipulumukabe, ndi mmene nsombayi ilili, musakhumudwe.

Nanga trout

Zida ndi zomwezo ndipo nthawi zambiri rainbow kapena cutthroat, mtundu wina wa trout, imaluma hoochie ya kokanee. Koma ngati mwapita kukafuna trout yeniyeni, monga pa Swift Reservoir pomwe amathiramo rainbow, sinthani zinthu zingapo. Trout imadya tinsomba, tizilombo touluka ndi nyongolotsi, ndiye iyi imaluma chifukwa cha njala ndipo imathamangitsa chakudya. Kwezani sipidi, 1.5 mpaka 2.5. Nyambo zikhale zofanana ndi kansomba, kasipuni ngati Needlefish, Rapala yaing'ono, kapena Flatfish koma iyi imafuna sipidi yotsika chifukwa imagwedezeka kwambiri. Njira yakale yomwe mpaka pano imagwira ndi mndandanda wa timasipuni tozungulira, Ford Fender kapena Cowbells, kumbuyo kwake mainchesi 18 mpaka 24 nkuika Wedding Ring ndi kachidutswa ka nyongolotsi. Nyongolotsiyo ilowetseni mowongoka pa mbedza, ikapindika imazungulira nkupota chingwe.

Malo akenso ndi osiyana. Kokanee ili pakati pa nyanja pamadzi akuya, trout ifuneni m'mphepete, pomwe pansi patsetsereka mwadzidzidzi, pa nsonga za mtunda zolowa m'madzi, ndi pomwe timitsinje tikuthira m'nyanja. Kukazizira ili pamwamba mafiti 10 oyamba, kukatentha imatsika ngati inzake. Kamwa yake ndi yolimbirako ndiye simuchita mantha kwambiri pokoka. Ku Washington kumbukirani kuti ngati mukugwiritsa ntchito nyambo yeniyeni, trout yomwe mwagwira imawerengedwa pa chiwerengero chanu cha tsikulo ngakhale mutaibweza, chifukwa yomeza nyongolotsi kawirikawiri siipulumuka.

Kuzisiyanitsa nkofunika poti malamulo ake amasiyana. Rainbow ili ndi madontho akuda ambiri pamsana ndi pamchira, ndi mzere wapinki m'mbali. Cutthroat ili ndi timizere tofiira kunsi kwa chibwano. Kokanee ndi yasiliva, msana wobiriwira mopita ku buluu, ilibe madontho akuluakulu, mchira wake ndi wa mphanda kwambiri ndipo mamba amasosoka mosavuta m'manja. Bull trout ili ndi madontho owala pa thupi lakuda, ndipo chipsepse chapamsana chilibe madontho akuda, mukaona choncho musaitulutse ndi m'madzi momwe, chotsani mbedza ipite.

Kokanee yokha sindilimbikitsa kugwira nkubweza, ndi yosalimba, makamaka yochokera pansi kukutentha. Mukakwanitsa zomwe lamulo likulola kapena zomwe banja lidye, pindani ndodo.

Mukatuluka m'madzi

Tsukani boti, khetsani madzi onse, chotsani udzu pa thirela, liume musanapite nalo nyanja ina. M'misewu ina muli malo oimitsa maboti kuti awaone ngati anyamula tinkhono ta zebra ndi quagga, imani ndithu. Ndipo musasamutse chamoyo chilichonse kuchoka nyanja ina kupita ina. Ku Flathead Lake ku Montana kunali kokanee yambiri, koma tizilombo totchedwa Mysis tomwe anthu anathira m'nyanja za kumtunda poganiza kuti tikhala chakudya cha nsomba tinatsikira m'menemo, nkuyamba kudya plankton yomweyo, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 usodzi wa kokanee unatheratu kumeneko.

Nsomba ikangolowa m'boti imenyeni pamutu, dulani makha kuti magazi atuluke, iviikeni m'ndowa mphindi zochepa kenako pa ayezi. Musaimange pa chingwe nkumaikoka m'madzi otentha apamwamba, mnofu wake umafewa msanga ngati wa usipa wagona padzuwa. Kunyumba ndimazitumbula tsiku lomwelo, kukanda magazi a pamsana ndi supuni. Zina ndimazing'amba pakati ngati mmene amang'ambira chambo chowamba, kuthira mchere ndi shuga wabulauni pang'ono, kugoneka mu filiji usiku umodzi, m'mawa kutsuka, kuumitsa pamphepo mpaka pamwamba pazimata zala, kenako kuwamba ndi utsi wa mtengo wa alder moto wochepa maola atatu kapena anayi. Zina ndimangokazinga ndi mchere wokha chikopa pansi, mphindi zochepa chifukwa ikapsa kwambiri imauma, pambali tomato ndi anyezi, nsima ya ufa woyera ili pamoto. Minga yake ndi yaing'ono ndipo imachoka yonse pamodzi ndi fupa la pamsana mukaikoka kuyambira kumchira, komabe ya ana ndimayamba ndaifufuza ndi zala.